Lipenga la m'ndende ya ana: m'mene Louis Armstrong adapezera pokhazikika

Amene adakula akutchera khutu ku wailesi ndi galamafoni m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 sangalisowe dzina la Louis Armstrong. Ndi bambo uja wa mawu okhakhala ngati wadya mchenga, wa kampango koyera m'dzanja ndi lipenga pamlomo, amene anthu ankangomuti Satchmo. Ndi yemwe uja mu 1954 adatola nyimbo ya Skokiaan, yopeka August Musarurwa wa ku Southern Rhodesia, n'kuiimba mwa mtundu wakewake. Mu 1964, ali ndi zaka 62, adawatsitsa anyamata a Beatles pa nambala wani ya nyimbo zogulidwa kwambiri ku Amereka. Za kutchuka kwake adalemba kale ambiri, ndipo ife sitionjezerapo kanthu.

Nkhani yathu ndi ya chaka chimodzi ndi theka cha moyo wake, kuyambira Januwale 1913 kufika Juni 1914, pamene adali wotsekeredwa m'nyumba yosungiramo anyamata achikuda opulupudza ndi osowa kwawo, yotchedwa Colored Waif's Home, mumzinda wa New Orleans. Adapitako atamangidwa ndi apolisi, misozi ili chuchuchu. Koma tsiku lomutulutsa litakwana, mtima wake udatsalira komweko. M'buku la mbiri ya moyo wake lomwe lidatuluka mu 1954, Satchmo: My Life in New Orleans, adaikumbukira nyumbayo ngati sukulu yogonera komweko osati ndende. Tsono funso n'lakuti, mwana adapezamo chiyani m'malo a chikoti ndi mpanda, chimene kunja adachisowa?

Kuti timvetse, tiyambe taona kumene adachokera. New Orleans ndi doko la m'chigawo cha Louisiana, kumwera kwa Amereka, kufupi ndi pamene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja. Louis adabadwira kumeneko pa 4 Ogasiti 1901, patangopita zaka 36 ukapolo utathetsedwa. Mwini wake mpaka kumwalira ankati adabadwa pa 4 Julaye 1900, ndipo tsiku lenileni lidadziwika m'zaka za m'ma 1980 ofufuza atapeza dzina lake m'kaundula wa ubatizo. Ukapolo udali utatha papepala, koma tsankho ndiye lidali likulowa m'malamulo. Mlandu wa Homer Plessy, umene mu 1896 udachititsa khothi lalikulu la dzikolo kuvomereza zoti azungu ndi anthu akuda azikhala mosiyana, udayambira mumzinda womwewo.

Atate ake, a William Armstrong, ankagwira ntchito pafakitale, ndipo adachoka pakhomo mwana adakali wakhanda. Mayi ake, a Mary Albert, amene aliyense ankawatcha Mayann, adali mtsikana wa zaka za m'ma 16. Dera limene adabadwira lidali ndi dzina lonena lokha: ankaliti Battlefield, kutanthauza bwalo la nkhondo, kaamba ka ndewu za mipeni ndi mfuti zomwe sizinkatha. Banja litasweka, khandalo adakalisiya kwa agogo ake akuchimuna, a Josephine Armstrong, amene ankadya za kuchapa zovala za azungu.

Zaka zimene adakhala ndi agogowo ndizo zidali za mtendere pang'ono. Ankapita naye kutchalitchi, ankamutuma kukasiya zochapa, ndipo akalakwa ankamuuza kuti akathyole yekha kamtengo pabwalo koti amukwapule nako. Koma ali ndi zaka ngati 5, uthenga udafika woti mayi ake akudwala ndipo akusowa wowasamala. Mayi wina adabwera kudzamutenga. Paulendo umenewo ndi pamene adakwera koyamba basi ya pa njanji ya mumzinda. Posadziwa kuwerenga, kamwanako kadathamangira mpando wakutsogolo, ndipo mayiyo adachita kukakoka kubwerera nako kumbuyo kwa chikwangwani, komwe kudali malo a anthu akuda. Tsiku limodzi lomwelo adasiya agogo amene adamulera ndipo adaphunzira malo amene mzinda udamuikira.

Kwa mayi ake, kufupi ndi mphambano ya misewu ya Liberty ndi Perdido, adakapeza chipinda chimodzi, mlongo wake wamng'ono Beatrice, ndi moyo wopanda ndondomeko. Dera lonse lidali la mabala, njuga ndi uhule. A Mayann ankagwira maganyu a m'nyumba za azungu, koma nthawi zina ankatha masiku osaoneka, ana n'kumakagona kwa amalume. Amuna olowa ndi kutuluka m'nyumbamo, amene Louis ankauzidwa kuti aziwatcha atate, adafika pa 6 kapena kuposa. Ena adali abwino, ena ankamenya mayi ake iye akuona. Taganizani mwana wogona osadziwa ngati mawa adzuka ndi mayi, ndi bambo uti, kapena ndi chakudya.

Apa tisafulumire kuweruza. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo Louis sadawanyozepo mayi ake ngakhale kamodzi. Ankawatama chifukwa cha luso lophika nyemba zofiira ndi mpunga ndi tindalama tochepa, ndi chifukwa cha nzeru zimene ankamupatsa. Chikondi m'chipinda chija chidalimo ndithu. Chimene mudalibe ndi kukhazikika. Ziwirizi anthufe timakonda kuziphatikiza, koma ndi zinthu zosiyana, ndipo mwana amafuna zonse.

Sukulu adalowako pa Fisk School, n'kuphunzira kuwerenga ndi kulemba, koma msewu ndiwo udali mphunzitsi wake wamkulu. Ankagulitsa nyuzi. Ankagwira ntchito ku banja la Chiyuda lochokera ku Lithuania, a Karnofsky, lomwe linkagula mabotolo ndi nsanza komanso kugulitsa malasha pangolo. Iye ankakhala pangolopo n'kumaliza kalipenga ka chitini poitana makasitomala. Banja limeneli linkamudyetsa madzulo ndi kumulimbikitsa pa zoimba, ndipo sadaliiwale: atakula ankavala m'khosi nyenyezi ya Davide. Usiku ankaimba pamphambano ndi anzake atatu, odutsa n'kumawaponyera makobiri. Akatopa ankakasuzumira pa ming'alu ya holo ya dansi ya mumsewu wa Perdido, kumvera malipenga a akuluakulu.

Mwana wotere sachedwa kukumana ndi apolisi. Zolembedwa zimene zidatulukira zaka zambiri iye atamwalira zikuonetsa kuti mu Okutobala 1910, ali ndi zaka 9, adagwidwa pamodzi ndi anyamata ena n'kutumizidwa ku Colored Waif's Home komweko. Adakhalako masabata ochepa, achibale n'kudzamutenga. M'buku lake ulendo woyambawu sadautchule n'komwe. Mfundo imeneyi tiisunge, ibweranso kutsogoloku.

Tsono udafika usiku wa pa 31 Disembala 1912. Kudali chizolowezi ku New Orleans cholandira chaka chatsopano ndi makombola ndi kuomba mfuti m'mwamba. Louis adali atapeza mfuti ya m'manja ya mmodzi wa "atate" aja m'sutikesi ya mayi ake, ndipo adaibisa m'malaya potuluka kukaimba. Ali mumsewu wa Rampart, mnyamata wina adaomba kamfuti kake patsidya. Anzake adayamba kumusonkhezera kuti amuonetse. Louis adasolola yake n'kuomba m'mwamba, phokoso lake lidaposa la mnzakeyo, gulu lonse n'kufa nazo nseko. Akubwereza kachiwiri, manja a wapolisi wachizungu adamugwira cha kumbuyo. Anzake aja adabalalika ngati nkhanga. Adalira, adapepesa, koma sizidathandize. Adagona m'chitokosi, ndipo woweruza wa khothi la ana, a Andrew Wilson, adamutumiza ku nyumba ija osatchula tsiku lotuluka. Adali ndi zaka 11.

Nyumbayo idali kunja kwa mzinda, kufupi ndi manda, m'chinyumba chakale. Oyang'anira adali a Joseph Jones ndi akazi awo a Manuella. A Jones adali munthu wakuda amene adakhalapo msilikali, ndipo aliyense ankawatcha Kaputeni. Mudali ana amitundumitundu: amasiye, otayidwa, akuba tinthu, ndi ena ongotoledwa m'misewu. Ndalama zoyendetsera malowo zidali zochepa, monga mmene zinkakhalira ndi chilichonse cha anthu akuda m'masiku amenewo. Chakudya chidali nyemba zoyera, buledi ndi madzi a nzimbe owiritsa. Masiku oyamba Louis adakana kudya. Mbale ikabwera ankangoikankha, mtima uli kwa mayi ake. Patatha masiku atatu njala idamugonjetsa, ndipo adakhala woyamba kufika patebulo.

A Jones ankaiyendetsa nyumbayo ngati kampu ya asilikali. M'mawa anyamata ankaguba pabwalo atanyamula mfuti zamitengo. Ankaphunzira m'kalasi, kulima m'dimba ndi kupala matabwa. Aliyense ankakolopa, kuyala bedi lake, kuchapa ndi kuphika. Ndipo chilichonse chidali ndi nthawi yake, yolengezedwa ndi lipenga la asilikali lopanda mabatani, lija amati bugle. Lidalipo lodzutsa, la chakudya, la kukasamba ndi la kukagona.

Kwa munthu amene adakulira pakhomo polongosoka, moyo wotere ndi wotopetsa, mwinanso wankhanza. Koma tadziikani m'malo mwa mwana wa mumsewu wa Perdido. Kwa nthawi yoyamba chichokere kwa agogo ake, ankadziwa kuti likalira lipenga lakuti, chakudya chilipo. Ankadziwa pogona usiku uno, ndipo mawa adzagonanso pomwepo. Akuluakulu amene adawaona dzulo ndi omwewo awaonanso lero. Nkhawa imene mwana wa mumsewu amayenda nayo tsiku lonse, yoti adya chiyani ndipo athawira kuti, idatsika paphewa. Mutu ukapepukidwa chotere mpamene umapeza malo oikamo zina. N'chifukwa chake pokumbukira malowa ali wamkulu, Armstrong ankatchula ngakhale fungo la maluwa oyanga amene adazungulira nyumbayo madzulo a chilimwe. Mwana wothamangitsidwa ndi njala sanunkhiza maluwa.

Komabe chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nyumba ija idali ndende, ndipo chikoti chinkalira. Armstrong yemweyo adasimba za mnyamata amene adathawa n'kugwidwa. Kaputeni adaitana anyamata onse kuti aonerere, n'kumukwapula zikoti zoposa 100, mpaka mwanayo adatha masiku osakhala pansi. Ameneyo naye adali mwana wa munthu, ndipo chimene adathawira chidali chomveka: kufuna kwawo. Tisamuiwale pamene tikuyamikira zimene mnzake adapindula.

Louis naye chikoti sichidamuphonye. Mphunzitsi wa zoimba pamalopo adali bambo wachinyamata, a Peter Davis, ndipo iwo adadana naye asadamudziwe n'komwe. Adangomva kuti wachokera ku Liberty ndi Perdido, basi, adatsimikiza kuti ndi chigawenga chosaphunzitsika. Atalakwitsa kalamulo kena kakang'ono, adamukwapula m'manja kowawa. Kuyambira pamenepo Louis ankawaopa ngati moto. Koma a Davis omwewo ndiwo ankaphunzitsa bandi ya malipenga ya pamalopo, ndipo mwanayo akamva bandiyo mtima unkamuuluka.

Adachita chimene akadatha. Tsiku lililonse bandi ikamayeserera, iye ankakhala pakona, chete, kumvetsera. Sadapemphe kanthu. Adaleka zamwano, nagwira ntchito zake mosanyinyirika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masabata adapita, a Davis akumuyang'ana cham'mbali. Kenaka adayamba kumumwetulira pang'ono akamadutsana. Tsiku lina madzulo, anyamata akudya, adaima pambali pake n'kumufunsa ngati angakonde kulowa bandi. Louis adasowa chonena.

Iye ankalota lipenga lonyezimira, koma chimene adamupatsa ndi tambolini, kang'oma kam'manja ka tizitsulo tosokosera. Sadadandaule. Adakaimba ndi mtima wonse mpaka a Davis adamukweza n'kumupatsa ng'oma. Atachita bwino pamenepo adamupatsa lipenga la mawu apakati, lotchedwa alto, ndipo poti adazolowera kuimba mogwirizana ndi anzake pamphambano, khutu lake lidapeza lokha poponda. Kukwera kwake kudali kwa pang'onopang'ono, sitepe iliyonse yochita kuigwirira ntchito. Kunja kuja zinthu zinkabwera ndi kupita mwamwayi, ngati njuga. Muno adaona koyamba kuti khama la lero limabala kanthu mawa, ndiponso kuti munthu wamkulu amene adakuyesa woipa angathe kusintha maganizo.

Kenaka mnyamata amene ankaliza bugle adatengedwa ndi makolo ake, ndipo a Davis adapereka ntchitoyo kwa Louis. Lipengalo lidali litachita dzimbiri lobiriwira chifukwa mwini wake wakale sankalisamala. Iye adalikwecha mpaka lidawala, anzake n'kumuombera m'manja. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mwana amene dzulo lake palibe ankamuwerengera, tsopano ndiye adali wotchi ya nyumba yonse. Akagonereza, onse agonereza. Akapanda kuliza, palibe akudya pa nthawi yake. Ndondomeko ija imene poyamba idali yomuikira ena, tsopano idali kutuluka m'kamwa mwake. Kusungidwa n'kwabwino, koma kudaliridwa ndi kumene kumamuimika munthu.

Pomaliza adalandira cornet, lipenga la mabatani atatu lomwe ankalilakalaka. Nyimbo imene a Davis adayamba kumuphunzitsa idali Home, Sweet Home, nyimbo yotama kukoma kwa kwanu, ndipo woiphunzirayo adali mwana wotsekeredwa. A Davis adamuphunzitsa kapumidwe, kaikidwe ka milomo ndi kutulutsa liwu loyera losagwedera. Posakhalitsa adamuika kukhala mtsogoleri wa bandi.

Bandiyo inkaitanidwa ku mapikiniki ndi ku maperete a mumzinda, ndipo inkayenda mitunda yaitali ikuimba. Tsiku lina njira yawo idadzera ku Liberty ndi Perdido. Anthu a m'dera lija, a njuga, akuba ndi amayi oyendayenda, adali pakhonde monga mwa masiku onse. Atangoona kuti amene akutsogolera, atavala yunifolomu, ndi kamwana ka a Mayann, kudali chipwirikiti. Ena adathamanga kukadzutsa mayi ake. Adafunsa a Davis ngati angamupatse ndalama mwanayo, ndipo iwo adavomera poganiza kuti ndi makobiri chabe. Ndalama zimene zidasonkhedwa tsiku limenelo zidakwanira kugula mayunifolomu ndi zida zatsopano za bandi yonse. Dera limene a Davis ankati silingatulutse kanthu kabwino ndilo lidaveka bandi yawo.

Tsono tibwerere ku mfundo tidasunga ija. Mu 1910 Louis adalowa m'nyumba yomweyi, mpanda womwewu, Kaputeni yemweyu, ndipo adatuluka monga adalowera. Choncho si makoma amene adamusintha. Sichikotinso ayi, poti chikoti adachidziwa kale kwa agogo ake ndi mumsewu. Chosiyana pa ulendo wachiwiri n'chakuti adakhalitsa mokwanira kuti tsiku lokhala ndi mutu ndi mchira limulowerere, adapatsidwa ntchito imene ena ankaidalira, ndipo padapezeka wamkulu mmodzi amene adamuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali mpaka adaona zimene zidali mwa iye. Ndipo sadali yekha. Kid Rena ndi Kid Shots Madison, amene adadzakhala oliza malipenga odziwika mu New Orleans, adadzera m'manja mwa a Davis omwewo. Champion Jack Dupree, katswiri wa piyano, adakulira m'nyumba yomweyo ali wamasiye.

Pali chinthu chowawa m'nkhaniyi chimene sitiyenera kuchilambalala. Mzinda wa New Orleans udali ndi chuma cha thonje, shuga ndi sitima zapamadzi. Koma kuti mwana wakuda wosauka apeze bedi lake, chakudya cha pa nthawi ndi mphunzitsi wa zoimba, adayenera kuyamba wamangidwa. Zimene adalandira ngati chilango ndi zimene mwana aliyense amayenera kulandira popanda mlandu. Amene amatenga mbiri ya Armstrong ngati umboni woti ana opulupudza azingotsekeredwa, aiwerenga chadodolido. Ulemu upite kwa anthu akuda ochepa aja amene, ndi ndalama zoperewera, adasandutsa ndende kukhala sukulu. Usapite kwa malamulo amene adamanga ndendeyo.

Mu Juni 1914 atate ake, amene adali asadamulerepo n'kamodzi komwe, adakapempha kukhothi kuti amutenge, ndipo woweruza adalola. Ambiri tikadati apa ndiye zakoma, mwana wabwerera kwa kholo lake lomubala. Koma Louis adachoka monyinyirika. Kunyumba kwa atate ake ndi mkazi wawo wina, a Gertrude, ntchito yake idali kuphika ndi kulera azing'ono ake awiri, pamene akuluakulu ali kuntchito. Lipenga kudalibe. Patangopita miyezi yochepa, m'nyumbamo mutabadwa mwana wina, pakamwa padachuluka, ndipo adamubweza kwa a Mayann ku Perdido. Magazi okha sadamupatse malo. Adabwerera m'chipinda chomwe chija, mumsewu womwe uja, pakati pa mayesero omwe aja.

Apa ndiye poyesera ngati chimene adachipeza chidali chenicheni, pakuti kukhazikika kongodalira mpanda kumatha tsiku lotuluka pageti. Tisanamizane, Louis sadasanduke mngelo. Adachita nawo njuga, adalowa m'zibwenzi zandewu, ndipo nthawi ina mkazi adamubaya ndi mpeni paphewa. Koma sadamire. Masana ankayendetsa ngolo ya malasha yokokedwa ndi nyulu, kulandira masenti 15 pa ulendo uliwonse. Usiku ankaliza cornet m'mabala mpaka mbandakucha, n'kugona maola ochepa, n'kudzukanso kupita ku malasha. Mwana amene adaphunzira kudzuka pa nthawi kuti adzutse anzake, tsopano ankadzidzutsa yekha.

Umboni wina ndi uwu. Mu 1915 msuweni wake Flora adabereka mwana wamwamuna, Clarence, ndipo sadakhalitse, adamwalira. Louis, ali ndi zaka za m'ma 14, adayamba kumusamala mwanayo ndi ndalama za malasha, kenaka adamutenga kukhala wake. Clarence adagwa pakhonde ali wamng'ono n'kuvulala m'mutu, ndipo nzeru zake sizidakule bwino. Armstrong adamusunga moyo wake wonse, adapita naye ku Chicago, ndipo sadachite naye manyazi pagulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene atate ake adamutaya adakana kutaya mwana wa wina.

Zotsatira zake n'zodziwika, tingozidutsa mwachangu. Joe Oliver, mfumu ya malipenga mumzindawo, adamutenga ngati mwana wake, ndipo Louis ankamutcha Papa Joe. Kuyambira 1919 adaimba m'sitima za pa Mississippi m'bandi ya Fate Marable, bambo wina wokhwimitsa mwambo, kumene adaphunzira kuwerenga bwino manotsi a nyimbo. Mu 1922 Oliver adamuitanira ku Chicago. Mu 1925 adayamba kujambula mbale ndi gulu lake la Hot Five, ndipo mbale zimenezo zidasintha kaimbidwe ka jazi mpaka lero. Mukaonetsetsa, paliponse pamene adakwera padali wamkulu wina womugwira dzanja, ndipo iye adadziwa kukhala pansi pa wamkulu n'kuphunzira. Luso limenelo adalitenga pakona paja, podikira a Davis.

Chodabwitsa n'chakuti pokhala pake penipeni adachedwa kupapeza. Adakwatira kanayi. Zaka zambiri ankagona m'mahotela ndi m'mabasi, kuimba mausiku okwana ngati 300 pachaka. Mkazi wake womaliza, Lucille, amene adamukwatira mu 1942, adasimba kuti pa Khrisimasi ina ali paulendo adagula kamtengo ka Khrisimasi n'kukaika m'chipinda cha hotela. Armstrong adakhala akukayang'ana mpaka usiku, n'kunena kuti sadakhalepo ndi mtengo wakewake chibadwire, ndipo adalamula kuti azikanyamula kulikonse kumene bandi ikupita. Mu 1943 Lucille adagula nyumba ku Corona, dera la anthu wamba mu New York. Tsiku loyamba kufikapo, Armstrong adauza wa takisi kuti adikire kaye, posakhulupirira kuti nyumba yotere ingakhale yake. Adali ndi zaka zoposa 40. Sadasamukenso. Ana a m'deralo ankasonkhana pamasitepe a nyumbayo, iye n'kumawagulira ayisikilimu ndi kuwaonetsa kagwiridwe ka lipenga. Adamwalira m'tulo m'nyumba yomweyo pa 6 Julaye 1971, ndipo mu 2003 idatsegulidwa kuti anthu azikaona.

Mzinda wa kwawo adali nawo ndi mangawa. Atabwerera mu 1931 ali wotchuka, adalandiridwa ndi chikhamu ndi mabandi pasiteshoni, koma muulutsi wachizungu adakana kutchula dzina lake pa wailesi, mpaka iye adadzilengeza yekha. Kuyambira 1956 adakana kuimba mu New Orleans kwa zaka pafupifupi 10, chifukwa cha lamulo loletsa azungu ndi anthu akuda kuimba m'bandi imodzi. Sadali munthu wosaona tsankho. Koma pa ulendo wa 1931 womwewo adapita ku nyumba ija kukaona Kaputeni Jones, a Davis ndi anyamata amene adalimo, n'kujambulitsa nawo. Mu 1965 adakumananso ndi a Davis, atakalamba, pa pologalamu ya wailesi yakanema. Mzinda adaukwiyira, koma anthu amene adamusunga adawasiyanitsa ndi mzindawo.

Cornet ya ku Colored Waif's Home idasungidwa, ndipo idakaikidwa m'nyumba yosungiramo mbiri ya jazi ku New Orleans. Ndi lipenga wamba, lopindikapindika, lodutsa m'manja mwa ana ambiri. Armstrong ataliona mu 1965 adalizindikira ndi timipata timene iye mwini adacheka pa kamlomo kake ali mnyamata, kuti kazigwira bwino milomo poliza. Ndi kanthu kakang'ono, koma kakunena zambiri. Munthu sacheka timipata pa chinthu chimene akudziwa kuti mawa amulanda. Mwana uja adacheka chifukwa, kwa nthawi yoyamba, adali wotsimikiza kuti kukacha alipeza pomwe adalisiya.